Chigoba Chopanda Kanthu M'kati: Mmene Yisiti, Mbozi ndi Bakiteriya Amapangira Katemera wa HPV

Katemera wa HPV ndi timadzi totuwa, theka la mililita basi, tobayidwa pamkono chakumtunda. M'timadzimo mulibe kachilombo kamoyo ngakhale kophedwa. Muli zigoba zokhazokha: tinthu tobulungira topangidwa ndi puloteni ya mtundu umodzi, tofanana kwambiri ndi kunja kwa kachilomboko moti thupi silitha kusiyanitsa, koma m'kati mwake mulibe kanthu. Akatswiri amatitchula kuti VLP. Palibe makina amene angaumbe kanthu kakang'ono chonchi. Ntchito youmbayi amaipereka kwa zamoyo zina zimene sizinayambe zadwalapo HPV: yisiti yofufumitsa buledi, maselo a mbozi yodya kabichi, ndi bakiteriya wokhala m'matumbo. Atatuwa amapatsidwa malangizo pafupifupi ofanana, koma aliyense amatulutsa chinthu chosiyana ndi cha mnzake. Luso lonse la fakitale lagona pa kudziwa chimene selo lililonse lachita bwino, chimene lalakwitsa, ndi chimene lasiyira manja a munthu.

Bwanji osangoweta kachilomboko n'kukapha, monga amachitira ndi katemera wobaya wa poliyo? Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, HPV ndi kachilombo kosankha. Kamachulukana m'khungu lokhalokha limene likukula mosanjikizana, kuyambira m'maselo apansi mpaka apamwamba amene akuuma n'kumasupuka. M'mbale ya mu labotale, momwe maselo amangoyala pansi, sikabereka mokwanira. Chachiwiri, m'DNA yake muli malangizo opangira mapuloteni awiri, E6 ndi E7, amene amachititsa selo kugawikana osaleka mpaka kusanduka khansa. Harald zur Hausen ndi anzake ku Germany anapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984 m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo zinadzadziwika kuti mitundu iwiriyi imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi. Palibe amene akanavomera kubaya mtsikana wathanzi DNA yotere. Chofunika chinali chigoba chokha.

Tichiyang'anitsitse chigobacho. Chimamangidwa ndi puloteni yotchedwa L1, unyolo wa ma-amino asidi pafupifupi 500 umene umadzipinda wokha n'kukhala kanthu kolimba. Mapuloteni asanu a L1 amagwirana n'kupanga kagulu ka nsonga zisanu kokhala ndi kabowo pakati. Timagulu 72 totere timalumikizana n'kutseka chinthu chobulungira, ndiye kuti chigoba chimodzi chili ndi mapuloteni 360. Kukula kwake ndi pafupifupi mananomita 55, moti pangafunike zigoba zoposa 18,000 zondandalikidwa pamzere kuti zikwane milimita imodzi. Mwa timagulu 72 tija, 12 timazunguliridwa ndi tinzake tisanu, pamene 60 totsalato timazunguliridwa ndi tinzake 6. Kanthu ka mbali zisanu kukhazikika bwinobwino pakati pa anansi 6! Zimatheka chifukwa puloteni iliyonse ili ndi kamchira kofewa kamene kamatambasuka n'kukakola kagulu koyandikana nako, ndipo kamapindika malinga ndi pamene kagulu kakhala. Kamchirako kakafika, maatomu awiri a sulufule amamangana mfundo. Mu HPV 16 mfundoyi imalumikiza amino asidi wa nambala 175 ndi wa nambala 428. Ndi mfundo imeneyi imene imalimbitsa chigoba chonse, ndipo fakitale iliyonse imalimbana nayo.

Kuti L1 imatha kudzimanga yokha popanda kachilombo zinaonekera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1991 Jian Zhou ndi Ian Frazer ku University of Queensland, ku Brisbane, anaona tinthu tonga kachilombo m'maselo amene anawapatsa malangizo opangira L1 ndi puloteni inzake ya L2. Mu 1992 Reinhard Kirnbauer, Douglas Lowy ndi John Schiller ku National Cancer Institute, ku America, anaonetsa kuti L1 yokha ya kachilombo kachibale kogwira ng'ombe imapanga zigoba zokwanira bwino. Koma HPV 16 inkavuta: zigoba zake zinkatuluka zowerengeka. Mu 1993 anapeza chifukwa chake. DNA imene malabotale ambiri ankagawana inachokera m'chotupa cha khansa, ndipo amino asidi wake wa nambala 202 anali atasinthika. Atatenga L1 ya HPV 16 kuchokera kwa odwala ena, zigoba zinachuluka modabwitsa. Amino asidi mmodzi mwa 500 ndi amene ankalepheretsa ntchito yonse.

Pamenepa pali phunziro limene limalamulira zonse zotsatira. Thupi silizindikira L1 ndi mndandanda wa ma-amino asidi ake. Limaizindikira ndi maonekedwe. Pamwamba pa puloteni iliyonse pali tizingwe tisanu topindika, ndipo ma-antibodi, asilikali a m'magazi amene amatsekereza kachilombo, amagwira pamalo pamene tizingwe ta mapuloteni oyandikana takumana. Ukaitenthetsa L1 mpaka kuwongoka, thupi lipangabe ma-antibodi, koma sadzagwira kachilombo kenikeni. Kubwerezabwereza nakonso n'kofunika. Maselo a B, amene amapanga ma-antibodi, amadzuka mwamphamvu akakhudzidwa pamalo ambiri nthawi imodzi ndi chinthu chobwereza mwadongosolo, ndipo chigoba cha mapuloteni 360 chimachita zimenezo. Tizingwe tija timasiyana mtundu ndi mtundu, n'chifukwa chake HPV 16 imafuna chigoba chake, HPV 18 chakenso, ndipo mtundu uliwonse umapangidwa m'thanki yakeyake.

Kampani ya Merck inasankha yisiti yotchedwa Saccharomyces cerevisiae. Inali itaizolowera kale, popeza katemera wake wa hepatitis B wa mu 1986 anapangidwa ndi yisiti yomweyi. Ntchito imayamba ndi kabotolo kakang'ono kotengedwa m'nkhokwe ya mbewu, komwe yisiti yopatsidwa jini ya L1 imasungidwa itaumitsidwa ndi chisanu choopsa. Jini ndi kachidutswa ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni imodzi. Wantchito wovala chovala chophimba thupi lonse amasungunula kabotoloko n'kuthira m'botolo lalikulupo limene limagwedezeka usiku wonse. Yisiti ikachuluka amaisamutsira m'thanki yaing'ono, kenako m'thanki yaikulu yachitsulo momwe muli madzi a shuga, mavitamini, ma-amino asidi ndi michere. Mpweya umapopedwa kuchokera pansi, zotakasira zimazungulira, kutentha kumasungidwa pafupifupi madigiri 30. Nzeru yake ili pa swichi. Jini ya L1 amailumikiza ku kachidutswa ka DNA kamene kamayatsa ntchito pokhapokha yisiti ikamadya shuga wa mtundu wa galakitozi. Ikamadya gulukozi swichiyo imakhala yozima, ndipo yisiti imangokula n'kumaswana. Thanki ikadzaza maselo athanzi, m'pamene galakitozi amayatsa swichi, maselo onse n'kuyamba kupanga L1.

Yisiti ili ndi kawerengedwe kake. Ofufuza a Merck atayesa HPV 11, uthenga wochokera ku jini unkatuluka woduka, chifukwa yisiti inkawerenga malo ena a DNA ya kachilomboko monga chizindikiro chakuti ilekere pomwepo. Anathana nalo vutoli mwaluso. M'chilengedwe amino asidi mmodzi amatha kulembedwa ndi zilembo za DNA m'njira zingapo. Choncho anailembanso jiniyo, kubwereka kalembedwe ka HPV 6 kamene yisiti inkawerenga bwino, koma osasintha amino asidi ndi mmodzi yemwe. Puloteni inatuluka ya HPV 11 yeniyeni, yathunthu.

L1 siituluka m'selo yokha, ndipo yisiti ili ndi khoma lolimba. Kuti aliswe, amakankha phala la yisiti mwamphamvu kwambiri kudzera pa kampata kakang'ono ka makina mpaka maselo aphulike. Chotuluka ndi msuzi wonanda wodzaza ndi zonse za m'selo: DNA, mafuta, zidutswa za khoma ndi mapuloteni a yisiti masauzande. Amathiramo enzaimu yodula DNA kuti msuziwo usungunuke, amasefa zidutswa zazikulu, kenako amaudutsitsa m'mipope yodzaza timikanda tating'onoting'ono. Njira imeneyi imatchedwa kromatogirafi. Timikanda ta mpope woyamba tili ndi mphamvu yamagetsi imene imakoka L1 n'kuigwira zolimba, pamene zinyalala zambiri zimangodutsa. Akawonjezera mchere, L1 imataya timikandato n'kutsika. Mpope wina uli ndi timikanda ta hayidiroksiapataiti, mwala wa mtundu womwe uli m'mafupa ndi m'mano, umene umapatula zotsalira za DNA. Pamapeto pake puloteni ya yisiti yotsala m'jakisoni mmodzi imakhala yosakwana mamayikulogalamu 7, komabe munthu amene thupi lake limadana kwambiri ndi yisiti sapatsidwa katemerayu.

Apa m'pamene pali sitepe yochititsa chidwi koposa. Zigoba zimene yisiti yamanga m'kati mwake sizikhala zokongola. Pa maikulosikopu yamagetsi zimaoneka zosiyanasiyana: zina zazing'ono za mananomita 30, zina 50, zina zopindika, zina zosatsekeka. Mmisiri woluka madengu akaona kuti dengu layamba kupendama sapitiriza kuluka. Amamasula nsungwi zonse, n'kuyambanso bwino. Akatswiri a Merck amachita chimodzimodzi. Amachepetsa mchere m'madzi, amachepetsanso asidi, n'kuthiramo mankhwala otchedwa DTT amene amamasula mfundo za sulufule. Zigoba zonse zimagumuka n'kubwerera kukhala timagulu ta asanuasanu. Kenako amachotsa DTT pang'onopang'ono, amabwezera mchere ndi asidi, ndipo timaguluto timafunafuna tokha n'kumangananso. Ulendo uno zimatuluka zobulungira bwino, zofanana kukula, zolimba zikasungidwa, ndipo ma-antibodi amazigwira bwino kuposa poyamba. Mu Gardasil woyamba, katemera wa Merck, mitundu 6, 11 ndi 16 ndiyo inkadutsa mu sitepe imeneyi.

Gardasil analoledwa ku America mu June 2006, ali ndi mitundu inayi: mamayikulogalamu 20 a HPV 6, 40 a HPV 11, 40 a HPV 16 ndi 20 a HPV 18. Mitundu 6 ndi 11 ndiyo imayambitsa njerewere zambiri za kumaliseche. Gardasil 9 wa mu December 2014 anawonjezera mitundu 31, 33, 45, 52 ndi 58, ndipo zigoba zonse pamodzi zinafika mamayikulogalamu 270. Mitundu 9 ikutanthauza mbewu za yisiti 9, kuweta ka 9 ndi kuyeretsa ka 9, kusakaniza kusanachitike.

Kampani ya GSK, ku Rixensart m'dziko la Belgium, inatenga njira ina: maselo a mbozi. Ofufuza oyambirira ankagwiritsa ntchito maselo a Sf9, ochokera ku Spodoptera frugiperda, mbozi ya ntchemberezandonda yomwe ija imene yasautsa alimi a chimanga kuno kwathu. Koma a Cervarix, katemera wa GSK, ndi a Trichoplusia ni, njenjete imene mbozi zake zimadya kabichi. Maselowa anatengedwa kalekale, ndipo akhala akuswana m'mabotolo kuyambira pamenepo. M'fakitale mulibe mbozi ndi imodzi yomwe. Ndi maselo akuluakulu, opanda khoma, osachedwa kuphulika. Amayandama m'madzi a chakudya opanda seramu ya nyama, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 27, ndipo amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti agawikane kamodzi, pamene yisiti imatero m'maola awiri. Wotakasa thanki yotere amayenera kukhala wodekha: akatakasa pang'ono maselo asowa mpweya, akatakasa kwambiri ang'ambika.

Malangizo a L1 amalowa m'maselowa atanyamulidwa ndi kachilombo kena, bakyulovairasi, kamene kamadwalitsa mbozi koma sikachulukana mwa munthu. M'tchire kachilombo kameneka kamakakamiza selo kupanga puloteni yambirimbiri yotchedwa polihedirini, yokatchinjiriza ku dzuwa ndi mvula pamasamba. M'thanki chitetezo chimenecho n'chosafunika. Ndiye akatswiri amachotsa jini ya polihedirini n'kuikapo jini imene akufuna, ndipo khama lonse la selo limatembenukira ku puloteni yatsopanoyo. Nthawi ndiyo imavuta. Maselo amayenera kupatsidwa kachilomboko atachuluka mokwanira koma akadali ndi chakudya, ndipo amayenera kukololedwa patapita masiku owerengeka, L1 itadzaza koma maselo asanafe n'kutulutsa maenzaimu otafuna mapuloteni. Thanki iliyonse imathera pomwepo, ndipo ina imayamba ndi maselo atsopano.

GSK inadulako kumapeto kwa L1. Mbali imeneyo m'pamene pali chizindikiro chotumiza puloteni ku nyukiliyasi, chipinda chapakati pa selo chosungira DNA, ndiponso ndi mbali yokonda kumata ku DNA. Ikachotsedwa, L1 imaunjikana kunja kwa chipindacho, komwe n'kosavuta kuitenga. Amaiyeretsa ikadali timagulu tosamangana, ndipo zigoba zimamangidwa kumapeto kwenikweni kwa kuyeretsa. Ubwino wake ndi woonekeratu: chigoba chimene chatsekedwa m'madzi oyera sichitsekera zinyalala m'kati. Zoti zichotsedwe pano ndi zina: mapuloteni a mbozi ndi bakyulovairasi mwiniwakeyo. Zotsalira zake m'jakisoni mmodzi sizifika mananogalamu 40. Cervarix analoledwa ku Ulaya mu 2007, ali ndi mamayikulogalamu 20 a HPV 16 ndi 20 a HPV 18, ndipo anali katemera woyamba wa anthu wopangidwa m'njira imeneyi.

Wantchito wachitatu ndi Escherichia coli. Bakiteriya ameneyu amagawikana m'mphindi 20 zinthu zikakhala bwino, amadya chakudya chotsika mtengo, ndipo safuna kunyengerera. Kwa nthawi yaitali ambiri ankaona kuti sangathe ntchito yovuta chonchi. Alibe nyukiliyasi, ndipo akapanga puloteni yachilendo mothamanga imapindika molakwika n'kuundana m'timibulu tosasungunuka. Chinamuthandiza n'chakuti L1 siifuna kuvekedwa timashuga pamwamba, ntchito imene bakiteriya sadziwa, monga amafunira mapuloteni a tizilombo tina. Gulu la Xia Ningshao ku Xiamen University ndi kampani ya Innovax, ku China, linali litapanga kale katemera wa hepatitis E mwa bakiteriya yemweyu, ndipo linatembenukira ku HPV.

Iwo anadula L1 koyambirira, mbali yosiyana ndi imene GSK inadula. Kudula kumeneku n'kofuna diso lakuthwa. Kafukufuku wa mu 2000 wa gulu la Stephen Harrison ku Harvard anaonetsa kuti ukachotsa ma-amino asidi 10 oyambirira a HPV 16, timagulu timatha kumanga kachigoba kakang'ono ka timagulu 12 tokha m'malo mwa 72. Ndiye pamafunika kuyesa mtundu uliwonse pawokha kuti apeze podula pamene puloteni ikhala yosungunuka koma osaiwala kumanga chigoba chachikulu. M'kati mwa bakiteriya mfundo za sulufule sizimangika, choncho L1 imatuluka ili timagulu ta asanuasanu. Chimene chinkaoneka ngati kulephera chinasanduka mwayi. Sitepe yogumula imene yisiti imafuna, pano njosafunika. Amayeretsa timaguluto, kenako amasintha madzi mwapang'onopang'ono, kuchotsa mankhwala oletsa mfundo ndi kuwonjezera mchere, mpaka zigoba zitamangika kunja kwa selo, m'manja mwa mmisiri kuyambira pachiyambi.

Bakiteriya ali ndi chilema chake. Khungu lake lili ndi mafuta ashuga otchedwa endotokisini, amene ngakhale atachepa bwanji amatenthetsa thupi akalowa m'magazi. Sasweka ndi kutentha wamba, ndipo amakonda kumata ku mapuloteni. Gawo lalikulu la kuyeretsa limathera pa kumuchotsa. Pomuyeza, kwa zaka zambiri malabotale akhala akugwiritsa ntchito madzi otengedwa m'magazi a kanyama ka m'nyanja kotchedwa Limulus, amene amaundana akangokhudzana ndi endotokisini. Cecolin, katemera wa Innovax wa mamayikulogalamu 40 a HPV 16 ndi 20 a HPV 18, anayesedwa pa amayi oposa 7,000 ku China, analoledwa kumeneko mu December 2019, ndipo bungwe la WHO linamuvomereza mu October 2021 kuti mabungwe a United Nations azimugula.

Palinso yisiti za mitundu ina. Walrinvax wa ku China amapangidwa ndi Pichia pastoris, ndipo Cervavac wa Serum Institute of India, ku Pune, amapangidwa ndi Hansenula polymorpha. Yisiti ziwirizi zimatha kudya methanolo, ndipo zimakula mothithikana kwambiri m'thanki, moti lita iliyonse imabereka maselo ochuluka. Mwa Pichia, methanolo yemweyo ndiye amayatsa swichi. Amamudonthetsa mosamala, chifukwa akachuluka amapha yisiti, komanso sachedwa kuyaka moto.

Zigoba zoyera sizinakhalebe katemera. Zikasiyidwa zokha zimamatirira pagalasi ndiponso zimaundana, n'chifukwa chake mu Gardasil mumathiridwa mchere wambiri, hisitidini wosunga mlingo wa asidi, ndi polisobeti 80, kasopo koletsa kumata. Kenako mtundu uliwonse umamatidwa pa tizidutswa ta mchere wa aluminiyamu, timene timalimbitsa zigoba ndi kuitana chitetezo cha m'thupi pamalo obayidwa. Ndi aluminiyamu ameneyu amene amatuwitsa timadzi tija. Gardasil woyamba ali ndi mamayikulogalamu 225 a aluminiyamu, Gardasil 9 ali ndi 500. Cervarix ali ndi chosakaniza chotchedwa AS04: mamayikulogalamu 500 a aluminiyamu hayidiroksaidi ndi 50 a MPL. MPL ameneyu ndi endotokisini wa bakiteriya wa Salmonella amene anadulidwa mbali zake zoopsa n'kutsala ndi mphamvu yodzutsa chitetezo. Chinthu chimene fakitale ya ku Xiamen imavutika kuchichotsa, ya ku Belgium imachithira dala, pamlingo woyezedwa.

Gulu lililonse la katemera lisanatuluke limayesedwa, ndipo mayeso amafanana kaya selo linali liti. Amayang'ana zigoba pa maikulosikopu yamagetsi. Amaziwunika ndi kuwala kwa leza kuti adziwe kukula kwake ndiponso ngati zaundana. Amayeza DNA ndi mapuloteni otsalira a selo limene linazipanga. Koma mayeso enieni ndi a maonekedwe. Pali antibodi ina yotchedwa H16.V5, yopangidwa mu labotale ya Neil Christensen ku Pennsylvania, imene imagwira HPV 16 pokhapokha tizingwe ta pamwamba tili m'malo mwake. Puloteni ikawongoka kapena kupindika molakwika, siigwira. Poyeza kuchuluka kwa antibodi imene yamata, poyerekeza ndi katemera wodziwika kale, wa mu labotale amadziwa ngati miyezi yonse ya ntchito yabala chigoba chimene thupi lidzachizindikire.

Nanga m'thupi la munthu kusiyana kwa maselo kumaoneka? Kafukufuku woyerekeza Cervarix ndi Gardasil, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anapeza kuti Cervarix amabweretsa ma-antibodi ochuluka a HPV 16 ndi 18, ngakhale kuti zigoba zake za HPV 16 n'zochepa. Akatswiri ambiri amati kusiyanaku kumachokera kwenikweni ku AS04, osati ku maselo a mbozi. Pa kuteteza ku zilonda zotsogolera ku khansa za mitundu iwiriyi, akatemera onse awiri amafika pafupi ndi 100 peresenti mwa amene anabayidwa asanatenge kachilomboko. Cecolin atayerekezedwa ndi Gardasil pa atsikana a zaka 9 mpaka 14 ku Ghana ndi ku Bangladesh, ma-antibodi ake sanachepe. Ku Kenya, kafukufuku wa KEN SHE anapeza kuti jakisoni mmodzi yekha, kaya wa mbozi kapena wa yisiti, amateteza pa 97.5 peresenti ku HPV 16 ndi 18 wokhalitsa m'thupi, ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti jakisoni mmodzi angakwanire kwa atsikana. Chigoba chikamangika bwino, thupi silifunsa kuti anachimanga ndani.

Pamene selo limasiyanitsa zinthu kwambiri ndi pa mtengo ndi pa kuchuluka. Maselo a mbozi amakula mochedwa ndipo chakudya chawo n'chokwera mtengo. Yisiti ili pakatikati, koma imafuna makina oswa ndi sitepe yomanganso. Bakiteriya ndi wachangu komanso wotsika mtengo. Mu 2013 bungwe la Gavi linapeza mtengo wa madola 4.50 pa jakisoni wa Gardasil ndi 4.60 pa wa Cervarix, pamene m'mayiko olemera unkaposa madola 100. Komabe cha m'ma 2019 katemerayu anaperewera padziko, chifukwa opanga anali awiri okha ndipo kumanga fakitale yatsopano kumatenga zaka. Nkhaniyi njofunika ku Malawi, limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse. Katemera anayamba kuyesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu January 2019 anafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Njira iliyonse yatsopano yopangira zigoba imatanthauza mabotolo ochulukirapo ofika m'masukulu ndi m'zipatala.

Mmisiri womaliza ndi mlangizi wa zaumoyo wonyamula bokosi lozizira. Katemerayu amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo chisanu chimamuwononga msanga kuposa kutentha. Akaundana, tizidutswa ta aluminiyamu timagwirana n'kukhala timiyala, ndipo sitibwereranso. N'chifukwa chake zoziziritsira zochokera mufiriji amayamba azisiya kaye mpaka madzi ayambe kumveka m'kati akazigwedeza, asanaziike pafupi ndi mabotolo. Akakayikira, amaumitsa dala botolo limodzi la gulu lomwelo, amalisungunula, n'kuligwedeza pamodzi ndi lokayikitsalo. Akawaimika pambali, aluminiyamu wowonongeka amatsika pansi mofulumira n'kusiya madzi oyera pamwamba, pamene wabwino amakhalabe wotuwa kwa nthawi.

Wantchito wachinayi akuphunzitsidwabe. Ku University of Cape Town, gulu la Ed Rybicki lakhala likupanga L1 m'masamba a Nicotiana benthamiana, chomera chachibale cha fodya. Malangizo amalowetsedwa m'tsamba ndi bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Agrobacterium, ndipo patapita masiku ochepa tsambalo limakhala ndi puloteni ya HPV 16. Anapeza kuti zokolola zimachuluka akailembanso jini ndi kutumiza puloteniyo ku makolopulasiti, timatumba tobiriwira ta m'selo la tsamba. Katemera wa HPV wa m'masamba sanaloledwebe kulikonse. Kuti aloledwe, tsambalo lidzayenera kuyankha mafunso omwewo amene yisiti, mbozi ndi bakiteriya anayankha: L1 ikuunjikana pati m'selo, idulidwe mbali iti, zinyalala zake n'zotani, ndipo kodi timagulu 72 tikumanganadi mpaka antibodi igwire.